Mkonono wa Kuseri kwa Khoma

M'makomo ambiri a ku Ndirande, ku Kawale ndi m'matauni ena muli ana a sukulu amene akusungidwa ndi abale. Mwana wotere amawerenga mpaka usiku pokonzekera mayeso a MSCE, koma akati agoneko, kuseri kwa khoma kumayamba kulira mkonono wa amalume kapena agogo. Kukacha amapita m'kalasi maso ali psuu, mphunzitsi n'kumuyesa waulesi. Nkhaniyi anthu amaiseka, komatu ikuononga tulo ta mwana ndiponso ikubisa matenda a munthu wamkulu.

Tulo si chinthu chosewera nacho. Akatswiri a zaumoyo amati wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 ayenera kugona maola 8 mpaka 10, pamene wamkulu asachepetse maola 7. M'tulo ndi mmene ubongo umasunga bwino zimene munthu waphunzira masana. M'chaka cha 1999 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza kuti phokoso la m'chipinda chogona lisapitirire madesibelo 30. Mkonono wamphamvu umaposa muyeso umenewu kutalitali.

Tsono mwana wovutikayo achite chiyani? Choyamba adziwe kuti phokoso limadzera paliponse pamene mpweya ungadutse. Nyumba zambiri zilibe siling'i, ndipo khoma logawa zipinda silifika kudenga. Mpata umenewo, pamodzi ndi ming'alu ndi kunsi kwa chitseko, ndiwo ayenera kuyamba kutsekedwa. Chachiwiri, chimene chimatchinga phokoso ndi kulemera kwa chinthu. Khoma la njerwa limaposa la mapulanga opyapyala, ndipo kabati yodzaza zovala kapena shelefu ya mabuku yotsamira khomalo imathandizako. Mapepala oikamo mazira amene ena amakhoma pakhoma ndi opepuka zedi, motero satchinga kanthu. Chachitatu, bedi kapena mphasa isunthidwe kuti mutu utalikirane ndi khomalo. Zotsekera m'makutu zogula ku famase zimaposa thonje, ndipo kumene kuli magetsi, kulira kosasinthasintha kwa fani kumaphimba mkonono.

Zonsezi n'zabwino, koma zimangoteteza womvera. Woliza mkononoyo amatsala ndi vuto lake, ndipo kawirikawiri iye salidziwa n'komwe. Munthu akagona minofu ya kummero imalefuka, njira ya mpweya n'kuchepa, ndipo mpweya podutsa umanjenjemeretsa minofuyo. Kugona chagada, kumwa mowa madzulo, kusuta fodya, kunenepa kwambiri ndi kutsekeka kwa mphuno zimakulitsa vutoli. Kugona chammbali ndi kuleka mowa wa usiku kumathandiza anthu ambiri.

Pali mkonono wina woopsa. Munthu amaliza mwamphamvu, kenaka n'kukhala zii kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, ndipo amadzidzimuka ngati wotsamwa. Pa nthawi ya zii ija njira ya mpweya imakhala itatsekeka. Zimenezi zikhoza kuchitika kambirimbiri usiku umodzi. Madokotala amatcha matendawa sleep apnoea, ndipo amayenda limodzi ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi sitiroko. Wodwalayo amadzuka mutu ukupweteka, namasinza masana. Akakhala woyendetsa minibasi kapena lole, miyoyo ya anthu ena ili pachiswe. Chithandizo chilipo: m'chaka cha 1981 dokotala wina wa ku Sydney, Colin Sullivan, adalengeza za makina otchedwa CPAP amene amakankhira mpweya m'mphuno kuti mmero usatsekeke.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Amene amamva kudukiza kwa mpweya kuja si mwini wake, koma mwana wa kuseri kwa khoma. Iyeyo ndiye mboni. Komabe mwana wosungidwa amaopa kulankhula, poganiza kuti adzaoneka wamwano ndi wosayamika. Mwambo umene umamuletsa kudzudzula wamkulu pamaso udamupatsanso njira ina. Angathe kudzera mwa azakhali kapena mwa akunyumba kwa amalumewo, nanena modzichepetsa kuti, "Pepani, usiku ndimamva ngati mpweya wa amalume ukudukiza. Kodi sikungakhale bwino atakaonana ndi adokotala?" Mau otere alibe chipongwe, ndipo amasonyeza chikondi. Paja akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi.

Aphunzitsi nawonso ali ndi mbali yawo. Mwana akamasinza m'kalasi tsiku ndi tsiku, afunsidwe mmene amagonera kunyumba chilango chisanaperekedwe. Achikulire amene auzidwa za mkonono wawo asakwiye, pakuti si mlandu ndipo palibe amene amauchitira dala. Khoma litsekedwe ndithu kuti mwana apeze tulo, koma banja lisalekere pomwepo. Woliza mkonono wodukiza mpweya aperekezedwe kuchipatala msanga.