Mlimi Agulitse Kumene Akufuna

Ambiri mwa ife pano pa seminale, fizi yathu imachokera m'munda. N'chifukwa chake ine ndikuti boma lisamamange manja mlimi pa nkhani ya malonda.

Tiyeni tikumbuke mbiri. Bungwe la ADMARC litakhazikitsidwa mu 1971, mlimi wamng'ono analibe kwina kogulitsa fodya ndi thonje lake. Bungweli linkagula motchipa n'kukagulitsa kunja mokwera, ndipo phindu lambiri linkathandiza maesiteti. Fodya wa bale ankaloledwa kulima ndi eni maesiteti okha. Lamuloli litayamba kumasuka mu 1990, alimi a kumudzi analima fodyayu mwaunyinji, ndalama n'kuyamba kulowa m'midzi. Khasu linali lomwe lija, koma tsopano mlimi anali ndi ufulu.

Phunziro limeneli timaliiwala msanga. Mu 2017 chimanga chinachuluka, koma boma linali litaletsa kuchigulitsa kunja. Mtengo unagwa, ndipo wolira anali mlimi. Kodi munthu wotere angalimbikirenso chaka chotsatira?

Ena amati boma likapanda kulowererapo, mavenda adzabera alimi. N'zoona kuti ena amaba ndi masikelo achinyengo. Koma mankhwala ake ndi kuchulukitsa ogula. Ogula akakhala asanu pamsika, mlimi amatha kukana wa mtengo woipa.

Boma lili ndi ntchito yake: kukonza misewu, kuyendera masikelo, kulanga akuba, ndiponso kugula chimanga chosungira nthawi ya njala. Koma za kumene makolo athu agulitse thukuta lawo, liwasiyire eni ake.