Makhonsolo atsegulenso thumba la chitukuko cha m'malokeshoni

Aliyense amene anapitapo ku khonsolo kukapempha thandizo la ngalande kapena kamlatho ka m'dera lake akulidziwa yankho: ndalama palibe. Yankholi si bodza ayi. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo simenti, mafuta ndi zitsulo zinakwera mtengo. Komabe ine ndikuti makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba apatule ndalama, ngakhale zochepa, zoti magulu a anthu a m'malokeshoni azipempha pa ntchito zing'onozing'ono za kwawo. Achite zimenezi tsopano lino, osadikira chaka cha mwanaalirenji.

Njira imeneyi si yachilendo kuno kwathu. Akuluakulu amene munaona ulamuliro wa chipani chimodzi, ndi inu amene munabwerera kumudzi itatha referendamu ya 1993, mukukumbukira kuti ntchito zodzithandiza, monga za pa Youth Week, zinali zokakamiza. Ufulu utabwera, ambiri anazikana nati ndi thangata. Koma mu 1995 kunabwera MASAF, ndi ndalama zochokera ku World Bank. Anthu ankasankha okha chimene akufuna, n'kusankhanso komiti yosunga ndalama. Iwo ankaumba njerwa ndi kututa mchenga, pamene thumbalo linkagula simenti ndi malata ndi kulipira amisiri. Zolakwika zinalipo, koma midadada ya sukulu ndi milatho yambiri inamangidwa motero. Anthu omwe aja ankakana thangata anagwira ntchito mosaumirizidwa, chifukwa inali yawo.

Nanga chinasokonekera n'chiyani? Mu 1998 dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma ang'ono ndi mfundo yopereka mphamvu ku anthu, imene inati makhonsolo azilandira ndalama zosachepera 5 peresenti ya zimene boma limatolera. Makhansala tinawasankha mu 2000, koma kuyambira 2005 mpaka 2014 tinakhala opanda khansala ndi mmodzi yemwe. Mkati mwa zaka zimenezo, mu 2006, munabadwira thumba la CDF, ndipo chitukuko cha m'dera chinayamba kuoneka ngati mphatso ya a phungu. Munthu wa ku Mbayani kapena ku Mtandire anaphunzira kuwomba m'manja m'malo mopempha chimene chili chake. Mpake kuti mu 2025 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti kuyendetsa thumbali si ntchito ya aphungu.

Ena adzati khonsolo imene ikuvutika kulipira antchito ndi kuchotsa zinyalala siingagawe ndalama. Ine ndikuwafunsa: kodi kusamanga kulibe mtengo? Kolera amene anabuka mu March 2022 anapha anthu oposa 1,700, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Matenda amenewa amakonda kumene kulibe zimbudzi zabwino ndi madzi aukhondo. Sindikunena kuti ngalande ikanaimitsa matope a ku phiri la Soche amene anakwirira abale athu ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Koma mvula ya chaka ndi chaka, imene imagwetsa zipupa ndi kudula timisewu, ngalande yokumbidwa bwino ikhoza kuigonjetsa. Chimbudzi cha pa msika ndi chotsika mtengo poyerekeza ndi msasa wa odwala kolera. Pamene ndalama zachepa m'pamene kwacha iliyonse iyenera kupita kumene anthu adzaonjezerepo thukuta lawo.

Enanso adzati ndalamazo zidzabedwa. Mantha amenewa ndi omveka, n'chifukwa chake thumbali lisatsegulidwe mumdima. Choyamba, khonsolo ilengeze pa wailesi kuchuluka kwa ndalamazo ndi tsiku lomaliza kulandira mapempho. Chachiwiri, ntchito isankhidwe pa msonkhano wa anthu onse a m'wodi, osati ku nyumba kwa tcheyamani wa chipani. Chachitatu, ndalama ziziperekedwa m'zigawo, ndipo chigawo chachiwiri chisatuluke malisiti a choyamba asanaoneke. Chachinayi, dzina la ntchito, mtengo wake ndi maina a komiti zimatidwe pa msika, pa tchalitchi ndi pa mzikiti, kuti mayi wogulitsa tomato athe kuwerenga matumba a simenti. Poyambira pake tisafune patali: a meya ndi makhansala adule za maulendo, za maalawansi ndi za misonkhano ya m'mahotela.

Khonsolo nayonso idzapindula. Mwini nyumba amene waona kamlatho kamangidwa pafupi ndi kwawo sanyinyirika kwambiri polipira msonkho wa nyumba, pamene amene amangoona kalata yom'kumbutsa ngongole amazemba.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Amene tikumva m'mimba ndife a ku Ndirande, ku Chinsapo, ku Chibavi ndi ku Chikanda. Tisadikire kuti wina atiganizire. Bajeti ya khonsolo isanakambidwe, aliyense apeze khansala wake amufunse kuti: m'ndondomekoyi, ndalama zoti ife eni dera tipemphe zili pa mzere uti? Akalephera kuyankha, tidzamukumbutse pa tsiku loponya voti.