Afisi a pa Maliro

Munthu akafera m'nyumba ya lendi ku Matero kapena ku Chilenje, mkazi wace amalira kawiri. Poyamba alira mwamuna. Kaciwiri alira mphika, bulangeti ndi kama. Pakuti dothi la pamanda lisanaume, abale afika ndi galimoto, nayamba kutulutsa katundu, nanena kuti afulumira cifukwa mwini nyumba afuna makiyi ace. Ndithu mwini nyumba ayenera kulandira nyumba yace ndi ndarama zace za lendi. Koma kodi ndiye anawauza kuti makina osokera apite kwa mlamu, ndi kuti ana agone pa simenti?

Anthu otere amabisala kumbuyo kwa mwambo. Inde, pakati pa Acewa cuma cinali kutsata mtundu wa mai, ndipo mwana wa mlongo ndiye anali kulowa m'malo mwa malume wace. Koma wolowa dzina anali kusenzanso nkhawa zonse za mwini dzinalo. Awa a lero afuna mpando, koma sukulu ya ana saifuna. Umenewo si mwambo ai, ndi umbala wobvala nsaru ya maliro.

Inu amene mwatsiriza sukulu, dziwani ici. M'caka ca 1989 dziko la Zambia linaika lamulo la cuma ca munthu wofa wosalemba wilo. Pa magawo 100, ana alandira 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndi ena amene iye anali kuwasunga 10. Katundu wa m'nyumba ali wa wotsalayo pamodzi ndi ana. Woyang'anira cuma amaikidwa ndi khoti, ndipo nchito yace ndiyo kulipira ngongole, monga ya lendi, ndi kugawa zotsala. Sali mwini cumaco.

Cifukwa cace, tsiku lotere likadzafika kwanu, musadzangoima pakhomo manja ali m'thumba. Tengani pepala, lembani cinthu ciri conse pamaso pa mboni, kufikira supuni yomwe. Pemphani mwini nyumba masiku owerengeka, ndipo mukamlipira akupatseni risiti. Kanthu kasaturuke woyang'anira asanaikidwe.

Akuru adzati ndinu amwano, ophunzira onyoza makolo. Ayankheni ndi ulemu, koma pepala musalisiye. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga mwana wa mbale wako, amene wamtenga mphasa yace usiku uno, ndi wa yani?