Pa sevisi, ndalama iyambire pa masipeya osachenjeza

Wamalonda amene amapikula tomato ku Lizulu kapena kachewere ku Tsangano pa galimoto yakeyake amadziwa kuti tsiku la sevisi limadya mpamba kawiri. Galimoto yatandala ku galaja osapita kumsika, kenako makaniko akubwera ndi pepala lodzaza zinthu zoti zigulidwe. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya adakwera mtengo kwambiri, choncho ambiri amangosankhapo zotchipa, zodulazo n'kuti adzaziona mwezi wamawa. Kasankhidwe kameneka n'kolakwika. Funso loyamba lisakhale mtengo wa sipeya, koma ngati sipeyayo imachenjeza isanawonongeke.

Lamba wa timing belt sachenjeza. Salira, satulutsa utsi, amangoduka. Pa Hiace ndi Hilux za dizilo za injini ya 3L kapena 5L, lambayu amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000. Akaduka galimoto ili pa liwiro, mapisitoni amaomba mavavu, ndipo kukonza injini yotero kumadya ndalama zogulira malamba angapo. Nthawi zambiri izi sizichitikira pakhomo ayi. Zimachitikira pa msewu wa M1, madengu a tomato ali kumbuyo akupsa ndi dzuwa, makasitomala akudikira ku Lilongwe. Amene wagula galimoto yogwirapo kale ntchito asadalire manambala a pa dashibodi okha, chifukwa ena amawabweza m'mbuyo. Ayang'ane sitika yosonyeza pamene lamba adasinthidwa komaliza, ndipo ikasowa, angomusintha basi. Koma eni Probox ndi Sienta akhale tcheru: magalimoto amenewa ali ndi tcheni, osati lamba, ndiye makaniko akalemba timing belt pa pepala, afotokoze bwino kuti akunena lamba uti.

Oyilo ndi fyuluta yake zimayendera limodzi. Kuthira oyilo watsopano n'kusiya fyuluta yakale kuli ngati kuthira mafuta ophikira atsopano m'chiwaya chosatsuka. Kwa galimoto yonyamula katundu m'misewu yafumbi, makilomita 5,000 akwana. Mafuta a mabuleki nawonso amaiwalika chifukwa saoneka ngati atha, chonsecho amayamwa chinyezi pang'onopang'ono. Potsetsereka ndi matumba a chimanga m'mapiri a ku Chikwawa amatha kuwira, phazi n'kungolowa pansi galimoto osaima. Asinthidwe pakatha zaka ziwiri zilizonse.

Pamene wamalonda angapulumutse ndalama mosaika moyo pachiswe ndi pa zinthu zooneka ndi maso. Makaniko akati ma brake pads atha, palibe chamwano kumupempha kuti achotse tayala mwini galimoto aone yekha. Ngati nyama yake yatsala mamilimita 3, asinthe tsiku lomwelo. Ngati yatsala theka, ikhoza kudikira sevisi yotsatira, bola dalaivala azimvetsera kulira kwa chitsulo akaponda buleki. Fyuluta ya mpweya aiyang'anitse kudzuwa: kuwala kukamadutsa, ikadali ndi moyo, ngakhale kuti m'miyezi yafumbi ya Ogasiti mpaka Okutobala imatsekeka msanga. Mapulagi a iridium amatha kufika pafupi makilomita 100,000, ndiye kuwachotsa pa sevisi iliyonse n'kuikapo otchipa ndi kutaya ndalama.

Matayala a kaunjika amapusitsa ambiri chifukwa mizere yake imaoneka yakuya. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene lidapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala lokalamba limauma n'kuyamba ming'alu, ndipo pa phula lotentha la ku Nsanje kapena Salima, katundu atadzaza, limaphulika mizere ikadalipo.

Amakaniko ambiri a ku Biwi kapena ku Ndirande ndi achilungamo, koma sangakumbukire mbiri ya galimoto iliyonse. Mwini wake asunge kabuku, monga momwe amalembera angongole, kolembamo tsiku, makilomita ndi sipeya yomwe yasinthidwa. Pochoka pa galaja atengenso masipeya akale omwe achotsedwa.