Singano ikafika pofiira, imani basi

Abale athu a m'gulu lino, madalaivala ndi ife eni katundu, nkhani iyi tikambirane mosapsatira mawu.

Ulendo wathawu tinapakira kuno ku Wallacedene: mafiriji, matilesi, mabelo a mabulangete, thilela yodzaza mpaka matayala kuphwatalala. Titadutsa De Doorns, pokwera Hex River Pass, singano ya geji inayamba kukwera. A dalaivala akuti, "Tikaima ku Touws River." Sitinafikeko. Nthunzi inabuka pa boneti, mnyamata wowathandiza n'kuthamangira kukatsegula chivindikiro cha rediyeta ndi kansanza. Pano ali ndi mabala kuyambira m'manja mpaka m'khosi.

Chivindikiro chimenechi chimapanikiza madzi mkati, n'chifukwa chake amatha kutentha mpaka madigiri 120 osawira. Mukangochipotokola, onse amawira nthawi imodzi n'kukuthovokerani kumaso. Kansanza sikateteza munthu. Nanga n'chifukwa chiyani timatumabe ana a eni ake kukatsegula?

Enanso mumathira madzi ozizira pa injini yotentha, ati izizire msanga. Mukusweratu silinda hedi. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimapindika kapena kung'aluka, gasiketi n'kupsa, ndiye mukhala masiku atatu pakati pa Laingsburg ndi Beaufort West, mtunda wa makilomita pafupifupi 200 wa Karoo, dzuwa la December likukuswani mtengo wa mthunzi palibe. Ndalama ya breakdown yokha ithetsa phindu la ulendo wonse.

Zoyenera kuchita si zovuta. Singano ikayamba kukwera, zimitsani AC, yatsani hita mpaka kumapeto, imachotsako kutentha kwa injini ngakhale mutuluke thukuta. Patukani pamalo abwino, yatsani mahazadi, thirayango muiike mamita 45 kumbuyo monga likunenera lamulo la ku Joni kuno. Ngati nthunzi ikutuluka, zimitsani injini, boneti musaigwire kaye. Dikirani mphindi 30, thiraki yaikulu ngakhale ola lathunthu. Paipi ya pamwamba ikazizira n'kufewa m'manja, mpamene mutsegule, pang'onopang'ono, nkhope mutayang'ana kumbali. Kenako fufuzani chayambitsa: fani beluti, mapaipi, wota pampu, fani ngati ikuzungulira. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, kapena utsi woyera ukutuluka ku ekizozi osaleka, gasiketi yapita, musalizenso.

Za mazira ndi sopo mu rediyeta tasiyani, mukutseka timapaipi tomwe madzi amadutsamo. Amakaniko ochotsa themositati aja akungobisa matenda. Ndipo madzi a pa mjigo okhaokha amadyetsa injini dzimbiri. Kulanti wosakaniza theka ndi theka ndi wotchipa kuposa hedi yatsopano.

Koma tisaloze madalaivala okha. Ndife amene timawakakamiza kuti "kafirijika kokha mupanikizepo," ndifenso timaimba foni ola lililonse kufunsa ngati afika pa Beitbridge. Dalaivala woopa kutaya kasitomala amaona singano ili pofiira n'kupondabe moto. Pakati pa Nyamapanda ndi Zobue, kotentha kwa Tete kuja, galimoto yolemedwa chonchi siingapirire.

Ife kuyambira lero, tisanakweze katundu pa Wallacedene tizitsegulitsa boneti injini ili yozizira, tione kulanti, malamba ndi zigubu ziwiri za madzi. Wokana, katundu wathu sanyamula. Ndipo dalaivala akaima kuti injini izizire, foni ija tiiike m'thumba.