Katemera wa makono: phindu lake likupita kwa yani?

Inu amene mumadzuka kusanache kukathyola fodya m'mafamu a ku Banket, Trelawney ndi Raffingora, ndi inunso amene mumachapa ndi kuphika m'nyumba za anthu ku Chinhoyi ndi ku Harare, mwina munamvako kuti katemera wa makono ndi mgodi watsopano wa golide. Uthenga wotere umayenda kwambiri pa WhatsApp: ikani madola khumi m'kampani yopanga katemera, pakutha pa mwezi mudzatenga makumi atatu. Ndikupempheni kuti musanatumize ngakhale senti imodzi pa EcoCash, tiione kaye nkhaniyi modekha, pakuti muli zoona zochepa zimene akukutira nazo bodza lalikulu.

Choona n'chakuti luso latsopanoli lilipodi. Katemera wakale amapangidwa ndi kachilombo kofooketsedwa kapena kophedwa, ndipo kumukonza kumatenga zaka. Watsopanoyu, amene amamutcha mRNA, sanyamula kachilombo ayi. Amanyamula uthenga wouza thupi kuti lipange kachidutswa kofanana ndi mbali ina ya kachilomboko, kuti asilikali a m'thupi akazindikire n'kukonzekera. Uthengawo ukagwira ntchito yake umasungunuka m'masiku ochepa. Ubwino wake ndi liwiro: asayansi a ku China atafalitsa kapangidwe ka kachilombo ka Covid-19 mu Januwale 2020, kampani ya Moderna inayamba kuyesa katemera wake pa anthu mu Malichi chaka chomwecho. Katalin Karikó ndi Drew Weissman, amene anatsegula njirayi, analandira mphoto ya Nobel mu 2023. Ameneyu si mankhwala achinyengo, ndipo amene angakuuzeni kuti ndi ufiti wa azungu akukusokeretsani.

Choonanso n'chakuti ena analemera nazo. Mu 2021 mokha kampani ya Pfizer inagulitsa katemera wa Covid-19 wa madola oposa 36 biliyoni a ku America. Sheya imodzi ya Moderna, imene kumayambiriro kwa 2020 inali pafupifupi madola 20, inadutsa madola 400 mu Ogasiti 2021. Wokukopani amakuuzani zimenezi n'kulekera pomwepo. Sakuuzani kuti pofika kumapeto kwa 2024 sheya yomweyo inali itagwa kufika pansi pa madola 50, moti amene anagula mtengo uli pamwamba anataya pafupifupi zonse. Ndipo awo anali anthu ogula pa msika weniweni wa ku New York. Masheya a makampani amenewa sagulitsidwa pa komboni, ndiponso sagulitsidwa ndi munthu amene mumangomudziwa ndi nambala ya foni. M'dziko muno wogulitsa masheya ayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la Securities and Exchange Commission of Zimbabwe. Mufunseni chilolezocho, muone mmene nkhani isinthire.

Tinaziona kale izi. MMM inagwa mu 2016, E-Creator inagwa mu 2023, ndipo onse awiri anapita ndi thukuta la anthu ambirimbiri. Akubawa amangosintha chovala. Dzulo anali malonda a pa intaneti, lero ndi katemera, chifukwa adziwa kuti mawu a sayansi amachititsa munthu manyazi kufunsa. Amadziwanso kuti wantchito amene mapepala ake sali bwino amaopa kupita kupolisi, choncho ndife amene amatisankha. Ine sindikudzudzula amene anakodwapo. Munthu amene ndalama zake zinasanduka mapepala mu 2008, n'kudyekanso mu 2019, ali ndi chifukwa chokwanira chosakhulupirira banki. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chipereganyu chanu cha pa komboni, chimene kuno amati mukando, chilibe phindu lodabwitsa, koma wosunga ndalamayo mumadziwa khomo lake.

Chimene chimandipweteka ine koposa n'china. Pamene katemerayu ankalemeretsa ena, ife tinali kumapeto kwa mzere. Mayiko olemera anagula gawo lalikulu la katemerayu asanapangidwe n'komwe. India ndi South Africa anapempha mu Okutobala 2020 kuti malamulo oteteza umwini wa lusoli aimitsidwe kaye, koma yankho linabwera mu Juni 2022, lochepa ndiponso mochedwa. Zimbabwe inayamba kubaya anthu mu Febuluwale 2021 ndi katemera wa Sinopharm wochokera ku China, wopangidwa mwa njira yakale ija, amene amasungika mu firiji wamba. Wa Pfizer poyamba ankafuna kuzizira kwa madigiri 70 pansi pa ziro, ndipo mungaganize nokha ngati chipatala cha pafamu chimene magetsi ake amazimazima chikanakwanitsa. Kwathu ku Malawi, mu Meyi 2021, boma linatentha katemera woposa 19,000 amene anafika nthawi yake itatsala pang'ono kutha. Ndiye mu Novembala 2021, asayansi a ku Botswana ndi South Africa atauza dziko lonse za mtundu wa Omicron, mphoto yathu inali kutsekeredwa maulendo, Zimbabwe ndi Malawi omwe. Mmodzi mwa asayansi amenewo, Sikhulile Moyo, ndi mwana wa dziko lino.

Lero akutilonjeza mafakitale. Africa imapanga katemera wosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a katemera amene imagwiritsa ntchito, ndipo bungwe la African Union likufuna kuti pofika 2040 akhale magawo 60. Ku Cape Town kampani ya Afrigen ikuphunzitsa ena luso la mRNA mothandizidwa ndi bungwe la WHO, ndipo BioNTech inatsegula malo ake ku Kigali mu Disembala 2023. Zimenezi n'zabwino. Koma Moderna, imene inalonjeza fakitale ku Kenya, inaimitsa ntchitoyo mu Epulo 2024 ponena kuti oda palibe. Wamalonda amapita kumene kuli ogula, ndipo mwana wa wantchito wa pafamu si msika. Fakitale ya mu Africa idzakhalitsa pokhapokha maboma athu atalonjeza kugulako, ndipo imeneyo ndi nkhani yoti mabungwe athu, monga GAPWUZ, aziyankhulapo.

Pakali pano, ena mwa matenda amene akutipha katemera wake alipo kale, ndipo ndi waulere. Chikuku chimene chinabuka ku Mutasa mu Epulo 2022 chinapha ana oposa 700, ambiri mwa iwo osabayidwa. Poliyo anapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, kenako ku Tete, njira yomwe timadutsa popita kumudzi. Pa komboni mwana saphonya katemera chifukwa chosowa luso la makono. Amaphonya chifukwa mayi ake akapempha tsiku lopita kusikelo m'nyengo yosankha fodya, kapitawo amadula tikiti, kapena chifukwa makolo akuopa kuti namwino afunsa chitupa chimene alibe.

Apa ndi pamene muli ndi mphamvu. Gawo 81 la malamulo oyendetsera dziko lino a 2013 limapatsa mwana aliyense ufulu wa chithandizo cha zaumoyo, ndipo mwana wobadwira muno ali ndi ufulu wolandira kalata ya kubadwa mwamsanga. Gawo 43 limati amene anabadwira muno malamulowa asanayambe, kholo lake lili lochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique kapena dziko lina la SADC, ndipo ankakhala muno, ndi nzika. Tulutsani khadi la mwana madzulo ano muone ngati mizere yonse inalembedwa. Ngati pali pamene padumphidwa, gwirizanani amayi angapo mupite limodzi kwa a komiti ya antchito, mupemphe kuti tsiku la kusikelo lisadulidwe pa malipiro, kapena kuti anamwino a ku Banket aitanidwe adzabayire ana pafamu pomwepo.