Tikubzala bulugamu, tikudula nsangu

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, akuluakulu amabzala mbande pamaso pa atolankhani, ife n'kuwomba m'manja. Koma m'zigwa za Bwanje ndi Salima nkhwangwa ikugwetsa nsangu zimene zinaima m'minda agogo athu asanabadwe. Kodi kumeneku n'kusamala chilengedwe kapena chionetsero chabe?

Nsangu si mtengo wamba. Mvula ikayamba imayoyola masamba, choncho chimanga chapansi pake chimalandira dzuwa, ndipo masambawo amasanduka manyowa. Mizu yake imawonjezera chonde m'nthaka. M'chilimwe, msipu utauma, ng'ombe ndi mbuzi zimadya zipatso zake. Mlimi amene akulira mtengo wa feteleza ndiye yemweyo akugulitsa nsangu kwa wootcha makala. Ndalamayo itha sabata isanathe, koma mbande idzafuna zaka zambiri kuti ifike msinkhu umenewo.

Ena amati ndi umphawi. Zoona, njala siimva malamulo. Nanga magalimoto odzaza makala amene amadutsa pamalodibuloko usana n'ngaamphawi? Lamulo la nkhalango tili nalo kuyambira 1997. Mu 2016 tinalonjeza dziko lapansi kuti tidzabwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Malamulo ndi malonjezo sizikusowa. Chikusowa ndi khama.

Mafumu aletse kudula nsangu m'minda, monga amaletsera kudula mitengo kumanda. Alangizi aphunzitse alimi kusiya mphukira polima. Ndipo boma liziwerenga mitengo imene yapulumuka, osati mbande zimene zajambulidwa.